Palafini wa M'chitsime

"Mitengo iyi waitula pa nthochi zanga ndani?"

Veronika anafunsa ali chiimire, ndowa ili kumutu. Mwamuna wake Alfonsi anali chogwada pakhomo akupopa njinga, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndi ya Whiteson, mwana wa achemwali a Sesiliya. Wafika dzulo pa lole ya fodya kuchokera ku Chipangali. Wapeza ntchito yosenza katundu m'tauni."

"Ndafunsa za mitengo, za ntchito sindinafunse."

"Nanga munthu wa ntchito amagona pati, amake Boaz? M'phanga ngati mleme? Amanga pamenepo."

"Kumtunda kwa chitsime."

"Ndi pomwepo patsala malo."

"Patsala chifukwa ndinapakaniza ine. Tayang'anani bwalo lanuli, atate ake Boaz. Pamene ndinkayanika ufa pali nyumba. Pamene panali khola pali nyumba. Mkuyu uja munadula kuti mphwanu Mateyu amange. Tsopano munthu akayetsemula m'nyumba imodzi, ayankha 'moyo' ndi a m'nyumba yachitatu."

"Ndi mbumba yanga imeneyo. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Munati mlendo ndi mame. Mame ake ati amene afika ndi nsichi ndi phaso?"

Alfonsi anaseka pang'ono, koma anabweza kuseka msanga. "Mukufuna ndikamuuze chiyani mwana wa mlongo wanga? Kuti amalume ako alibe malo? Kwathu mawu amenewo kulibe."

"Kwanu mudzi ukadzaza mumasamuka, n'kusiya bwinja lipume. Kuno musamukira kuti? Kutsogoloku ndi komboni, kumbuyoku ndi phiri. Kumunsi kwa khwawa kuli malo, ndinapitako ndekha kukaona. Akamange kumeneko."

"Kutsidya kwa khwawa ndi kwa alendo. Mphwanga sangakhale kwa alendo ine ndili moyo."

Anakwera njinga n'kumapita kukhonde la sitolo ya Mmwenye, kumene ankasoka zovala.

Izi zinkachitika m'zaka za Chitaganya, Chipata akutchedwa Foti Jemusoni. Malowo anali kunja kwa malire a Kapata, mbali ya kuphiri, kumene munthu ankangoloza ndi chala n'kuyamba kukumba. Alfonsi ndi Veronika ndiwo anayamba kumanga kumeneko, mwana wawo Boaz asanapite ku migodi, ndipo chitsime anakumba awiriwiri, mwamuna pansi, mkazi kukoka dothi. Madzi ake anali ozizira, osawawa mchere. Ife oyandikana nawo tonse tinkatunga pomwepo. Anthu anali kubwera mwezi ndi mwezi, ena kuchokera m'mafamu a fodya, ena kumidzi, ndipo aliyense ankafikira kwa mbale wake. Palibe amene ankaganiza kuti malo amatha.

Whiteson anali mnyamata waulemu. Anamva mkanganowo ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanalimbe mtima kudula nthochi mwini wake akuyang'ana. Mitengo inakhala pomwepo, iye n'kumagona m'khitchini. Mvula inayamba, inagwa sabata yathunthu, ndipo maenje onse amene anthu anakumbamo dothi lomatira nyumba anadzaza madzi.

M'mawa wina Alfonsi analawa tiyi, n'kubweza kapu.

"Mwathiramo chiyani umu?"

"Masamba ndi shuga. Mumafuna mchere?"

"Tanunkhizani."

Veronika ananunkhiza. Ananunkhiza ketulo, kenako mtsuko, kenako anapita kuchitsime n'kutunga ena. Fungo linali lomwelo, lochepa koma losabisika. Palafini.

Pofika masana nkhani inali itazungulira bwalo lonse, ndipo wolakwa anali atapezeka kale. Ketilina, mkazi wa Mateyu, ankatungira madzi m'chitini chachikulu chimene kale chinali cha palafini. Anali mtsikana wofatsa, wa mwana kumbuyo, wobwera chaka chomwecho kuchokera kumudzi.

"Ndanena kangati kuti zitini za palafini muzitsuka ndi phulusa?" anatero Alfonsi madzulo, akazi onse a pabwalo ataima. "Iwe Ketilina, kuyambira lero chitini chako chisafike pachitsime. Uzikatunga ku mpopi wa ku Kapata."

"Amalume, chitinicho ndachitungira kuyambira chilimwe."

"Ndiye chinalowamo chokha palafini? Kapena chitsime chayamba kugulitsa mafuta? Tiuzeni, titsegule sitolo."

Ena anaseka. Ketilina anaweramitsa mutu n'kumapita.

Veronika sanaseke. Si kuti anali wachifundo kwambiri, ayi. Anali munthu amene chinthu chikapanda kumveka chimamuyabwa ngati chitedze. M'mawa mwake, amuna atapita kuntchito, anayenda khomo ndi khomo kununkhiza zitini ndi ndowa. Anafika kwa Ketilina, natenga chitini chija, nalowetsamo mutu wonse.

"Ichi chikununkha dzimbiri basi," anatero. "Tatenga chingwe, unditsate."

"Andiletsa amalume, amayi."

"Akuletsa kutunga. Ife tikukakapa."

Anakapa chitsime mpaka dzuwa kufika pamutu. Sichinali chakuya, munthu wamtali akaimirira pansi ankatha kugwira m'mphepete ndi ndodo. Madzi atatsala a m'mapazi, Veronika anabwereka makwerero a anthu ofolera nyumba, anamanga chitenje ngati kabudula, natsika.

"Mukagwa ndikanena chiyani kwa amalume?"

"Ukati ndapita kukagula palafini. Gwira makwererowo."

Anakhala pansipo nthawi yaitali, osachita kanthu, kungoyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi anayamba kubwerera. Ena ankatumphuka pansi, mumchenga, monga ankachitira kuyambira kale. Anatapa m'dzanja, nanunkhiza: abwinobwino. Koma m'khoma la mbali ya kumtunda munali kadzenje kokwana chala chachikulu, ndipo m'menemo munkatuluka timadzi toyenda ngati thukuta. Anapisamo chala. Chinatuluka ndi zinyenyeswa zakuda zofumbutuka. Muzu wowola. Ananunkhiza chalacho: palafini.

"Mwapeza chiyani, amayi?"

"Mkuyu uja unali pati kwenikweni?"

"Chitsa chake chili kuseri kwa nyumba yathu. A Mateyu pokumba chimbudzi analimbana ndi mizu yake masiku ambiri."

Veronika anakwera, nakhala pa mwala, nayang'ana kumtunda. Kuchokera pachitsime panali nthochi zake, kenako mitengo ya Whiteson, kenako kachimbudzi ka udzu ka Mateyu. Chapamwamba pake panali zimbudzi zina za a pabwalo, zoyandikana ngati zikukambirana.

"Ketilina, palafini umagula wambiri bwanji?"

"Wa nyali basi. Sabata yatha ndinagula wa m'botolo lalikulu chifukwa cha mphutsi."

"Mphutsi zotani?"

"Za m'chimbudzi. Mvula itayamba zinkakwera mpaka pakhomo. Amayi ena a ku Kapata anandiuza kuti kuno m'tauni amathiramo palafini, zimafa. Ndinathira, ndipo zinafadi." Anaima, nayang'ana Veronika, nayang'ana chitsime. Dzanja linapita pakamwa. "Iai, amayi. Kudutsa dothi lonselo?"

"Inenso ndikufunsa zomwezo. Mwana wako m'mimba mwaleka?"

"Mumaleka, n'kuyambiranso."

"Ndi ana a ena chimodzimodzi. Ife tinkati ndi mango osapsa." Veronika anapukuta chala pa udzu. "Usauze munthu. Mwina ndi ine wolota. Tiyese kaye."

Anauza akazi a pabwalo kuti madzi akumwa azikatunga ku mpopi mpaka fungo lithe, a pachitsime akhale ochapira. Anadandaula, chifukwa mpopi unali kutali ndipo mzere wake unali wa anthu a komboni yonse, koma fungo linawathandiza kumvera. Veronika anakhoma chivundikiro cha matabwa, nachimanga ndi waya, ndipo aliyense wofuna madzi ankamutungira yekha ndi ndowa yake. Ankanunkhiza m'mawa ndi madzulo ngati munthu wodikira mowa kuti upse. Patapita sabata ndi masiku, fungo linatheratu.

Pamenepo anatenga palafini wa m'nyali yake, nakamuthira yekha m'chimbudzi cha Mateyu, Ketilina akuona. Tsiku loyamba panalibe kanthu. Lachiwiri panalibe kanthu, ndipo Veronika anayamba kudziseka. Usiku wake kunagwa mvula. Kutacha anamasula waya, natukula chivundikiro, ndipo sanafunikire n'kutunga komwe.

Anadikira mwamuna wake adye, asambe m'manja, ndipo anamuuza zonse mwa ndondomeko yake, kuyambira pa chitini mpaka pa muzu.

"Ndiye mwawononga palafini wanga kuti mupeze mlandu," anatero Alfonsi.

"Ndawononga palafini kuti ndidziwe njira."

"Amake Boaz, dothi ndi dothi. Si nsungwi yoboola. Chimene chalowa pansi chapita. Makolo athu onse akumwa m'zitsime, anafa ndani?"

"Makolo anu chitsime chinali kudambo, thengo lili kwina, pakati pali ulendo. Kuno mwaika zonse m'lichero limodzi. Madzi saiwala khwawa, atate ake Boaz, ndipo khwawa lake munalikonza ndinu tsiku lija munadula mkuyu."

"Fungo litha. Linatha kale, lithanso."

"Litha, inde. Palafini ndi mlendo, wangotisonyeza njira. Eni ake njirayo amadutsamo tsiku ndi tsiku, ndipo iwowo sanunkha m'tiyi."

Alfonsi anayang'ana kumbali. "Mukudziwa chimene mukunena? Mukuti ine, mwini mbumba, ndakhala ndikumwetsa ana a alongo anga... Mawu amenewo akatuluka pabwalo pano, ine ndiyenda bwanji pamsewu?"

"Pa njinga, monga mwa masiku onse. Chofunika n'chochepa. Zimbudzi za kumtunda zikwiriridwe, zikakumbidwe kumunsi. Pa nthochi pasamangidwe. Obwera azikamanga kutsidya, ndipo tikawaonetse pokumba chitsime ndi pokumba chimbudzi asanaimike nsichi. Ndiponso Ketilina mum'pepese."

"Zonsezi n'chifukwa cha nthochi zanu."

"Nthochi dulani lero lomwe, mudye. Ine ndikunena chitsime."

"Chitsime chilibe kanthu. Ndatha."

Sanathe. Veronika anaona kuti kuyambira tsiku limenelo mwamuna wake anasiya kupempha madzi pakhomo. Tiyi ankati akamwera kuntchito. Akatha kudya ankatuluka, kukaima pafupi ndi njinga ngati akuyang'ana unyolo, n'kubwerako akupukuta pakamwa. Tsiku lina Veronika anapisa dzanja m'thumba la chiguduli lomangidwa kumbuyo kwa njingayo, napeza botolo la madzi a ku mpopi wa m'tauni. Analibwezera momwemo.

Fungo linathanso. Akazi ena, atatopa ndi mzere wa ku Kapata, anayamba kufunsa kuti waya achoka liti, popeza mwini bwalo wanena yekha kuti madzi ali bwino. Whiteson anali akugonabe m'khitchini, ndipo mitengo yake inayamba kumera bowa. Uthenga unapita ku Chipangali kuti mwana wa Sesiliya akugona ndi nkhuku chifukwa mlamu wakaniza malo.

Sesiliya anafika Loweruka masana, atayenda pansi kuchokera pamene lole inamutsitsa. Anali wamkulu kwa Alfonsi, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, korona ili m'khosi, ndipo anabwera ndi kamdzukulu kakakazi kogwira m'chitenje. Anthu a pabwalo anasonkhana, poti ambiri anali ana ake kapena a ang'ono ake. Anamuyalira mphasa pamthunzi wa khonde. Malonje anali afupi.

"Achimwene," anatero, "ndamva kuti kuno ku Boma nthochi zimalowa m'mbumba, ana a anthu n'kutuluka."

"Si choncho, achemwali. Nkhaniyi tikonza."

"Mukonza liti? Mvula ikutha mwana ali pa phulusa. Amayi athu akanakhala moyo mukanawauza kuti malo atha? Alamu, ndinu mwakaniza?"

"Ndine," anatero Veronika. "Koma mwayenda ulendo, alamu. Mlandu sukambidwa kukhosi kuli gwa. Ndikupatseni madzi kaye."

Mtsuko wa madzi a ku mpopi unali m'nyumba, ndipo akazi onse ankadziwa. Veronika sanalowe m'nyumba. Anatenga chikho ndi ndowa, natsika kuchitsime anthu akuona, namasula waya. Anatunga, nabwera, nagwada pamaso pa mlamu wake monga mwa mwambo, napereka chikho ndi manja awiri. Madziwo anali oyera mbee, ozizira, opanda fungo lililonse. Maso a Veronika sanali pa mlendo. Anali pa mwamuna wake.

"Madzi a pano ndimawakumbuka," anatero Sesiliya. "Bwera, Lusiya, uyambe ndiwe."

Anaika chikho pakamwa pa kamdzukulu.

Alfonsi anali wolemera thupi, wosazolowera kudzuka msanga, koma palibe anaona mmene anachokera pampando. Anangoona dzanja lake litagwira mkono wa mlongo wake, madzi akutayikira pamphasa.

"Asamwe."

"Bwanji?"

"Asamwe, achemwali."

Sesiliya anayang'ana m'chikho, nanunkhiza. "Muli chiyani? Mankhwala? Alamu, mwafika pamenepo?"

"Afunseni eni chitsime," anatero Veronika, akadali chogwada. "Anandiuza kuti chilibe kanthu."

Alfonsi anatenga chikho, nathira madzi otsalawo pansi. Anayamba kufotokoza, mawu akukakamira, ndipo pamene anafika pa muzu anasokoneza, mpaka Ketilina, amene sankakonda kuyankhula pagulu, anamuwongolera. Sesiliya sanakhulupirire. Anadzuka, nati amuonetse. Gulu lonse linamutsata kuchitsime, kudutsa pa nthochi, kulumpha mitengo ya Whiteson, mpaka pa chitsa cha mkuyu. Anaima pamenepo, nayang'ana kumunsi, nayang'ana kumtunda kumene kunali zimbudzi zina, akuyeza ndi maso monga amachitira mlimi poona kumene madzi adzadutse m'munda.

"Ndiye palafini anayenda pansi, yekha, mpaka uko?"

"Kawiri," anatero Veronika. "Kachiwiri ndinam'tuma ndine."

"Ha. Ndipo Whiteson akamanga apa, chimbudzi chake akumba pati?"

Malo ake ankaoneka okha: pakati pa nthochi, poponya mwala kuchokera pachitsime.

"Ine ndimatumiza ana kuno ndili ndi mtima pansi," anatero Sesiliya pang'onopang'ono. "Ndimati ali kwa amalume awo. Chaka chamawa ndimati nditumizenso awiri."

"Atumizeni," anatero Veronika. "Tauni sititseka ife. Koma walira mvula walira matope. Akabwera, tiyambe taona kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita, nyumba pambuyo."

"Nanga inu, achimwene, munadziwa liti?"

Alfonsi anakanda m'mutu. "Ndinkaopa kukukanizani malo, achemwali. Munthu wokaniza mbale malo amatchedwa dzina loipa."

"Nanga wopatsa mbale malo n'kumumana madzi amatchedwa chiyani?" Anabwerera kumphasa, nakhala pansi mwamphamvu. "Kaya. Ine ludzu likadalipo, ndi mwanayu. Pakhomo pano mlendo amamwa chiyani?"

Veronika anali atatembenuka kale kuti akatenge mtsuko, koma Alfonsi anatsogola. Anapita panjinga yake, namasula thumba la chiguduli, natulutsa botolo lija. Anthu anayang'anana. Wina anatsokomola kuti abise kuseka.

Sesiliya anamwetsa Lusiya, namwa yekha, nakweza botololo padzuwa kuona otsala. Kenako anayang'ana ana ake, azipongozi, ndi tiana tonse timene tinaima mozungulira mphasa.

"Botolo limodzi, achimwene," anatero. "Mbumba yonseyi."

Alfonsi anavula jekete, nalipachika pa njinga, napita pa nthochi. Anawerama, nanyamula nsichi yaikulu ya Whiteson, naiika paphewa, bowa ali pomwepo.

"Whiteson, gwira kumbuyoko, tikuwoloka khwawa. Mateyu, makasu onse a pabwalo pano atuluke, tikabwerako tiyamba kukwirira chimbudzi chako." Anayenda pang'ono, naima osatembenuka. "Ketilina, mwana wanga, chitini chija chilibe mlandu."

"Ndamva, amalume."

"Amake Boaz, tsogolani. Mukationetse poyambira."

Veronika anapita kaye kuchitsime. Anabwezera chivundikiro, namanga waya kolimba, chifukwa ankadziwa kuti padutsa nyengo madziwo asanayere. Kenako anadula ndodo yosongoka yolembera pansi, nawatsogolera kumunsi.